Kodi ana akapita kudimba la m'tauni amakaphunzirako chiyani?

Funso: Ndine mphunzitsi wa Sitandade 5 pasukulu ina ya pulayimale mumzinda wa Lilongwe. Chapafupi ndi sukulu yathu pali dimba la gulu la amayi a m'dera lathu. Amalima masamba ndi chimanga chothirira, ndipo ali ndi nkhuku, akalulu ndi mbuzi zingapo. Ndikufuna kupitako ndi ana a m'kalasi mwanga, koma pamsonkhano kholo lina linandifunsa kuti, "Ife ana tinawabweretsa kuno kuti agwire cholembera, ndiye inu mukufuna mukawagwiritse khasu?" A hedi nawonso akuti ndilembe kaye zimene anawo akaphunzireko. Kodi pali phindu lenileni, kapena ndi ulendo wongosangalatsa ana?

Yankho: Aphunzitsi, kholo linafunsa lija lili ndi chifukwa chake, ndipo mukachimvetsa ulendo wanu muukonza bwino. Ambiri mwa makolo a m'tauni anachoka kumudzi atatopa ndi khasu limene silinkawatulutsa mu umphawi. Kusukulu kumene anaphunzira, khasu linali chibalo: wachedwa, kalime kumunda kwa aphunzitsi, walongolola m'kalasi, kakumbe dzenje la zinyalala. Munthu amene anakula motero akamva kuti mwana wake akupita kudimba nthawi ya maphunziro, chimene chimamubwerera m'mutu ndi ganyu yaulere. Choncho musalimbane nawo ndi mawu. Auzeni tsiku, nthawi yonyamuka ndi yobwerera, ndi zimene ana akachite. Kholo linafunsalo mulipemphe kuti lidzakuperekezeni, lidzaone lokha mwana wake atagwira kope ndi chingwe choyezera.

Tibwere ku funso lanu. Ndinene mosabisa kuti ulendo umodzi wokha, woyenda pamzere kuonerera akalulu, phindu lake n'lochepa. Ana amabwerako akusimba za makutu a kalulu, pakatha sabata nkhani yatha. Chimene dimba lingaphunzitse, chomwe buku la zaulimi silingathe, n'chakuti ndiwo ya pambale ili ndi mbiri yake: pali munthu anaidziwa kalimidwe kake, anaigwirira ntchito, naidikira. Kuti mwana afike pozindikira zimenezi ayenera kugwira dothi ndi manja ake, kumva kuchokera pakamwa pa mlimi mwini wake, ndiponso kubwererako kukaona chimene chachitikira mbewu imene anadzala.

Mafamu a m'mizinda olandira ana a sukulu anatchuka kwambiri ku Britain. Famu yoyamba yotere, Kentish Town City Farm ya ku London, inatsegulidwa mu 1972, ndipo ena monga Mudchute ndi Hackney City Farm anatsatira. Kumeneko mwana akhoza kukula ndithu asanakhudzepo mbuzi yamoyo, ndiye kungoona chiweto n'kumene kumakhala phunziro. Ana athu si otero. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 17.5 miliyoni a m'Malawi, 16 okha mwa 100 alionse ndiwo ankakhala m'matauni, ndipo a m'tauniwo pafupifupi aliyense ali ndi kumudzi kwawo. Mwana wa ku Area 25 kapena ku Kawale amadutsa m'chimanga tsiku ndi tsiku nthawi ya dzinja, poti mu Lilongwe malo alionse opanda nyumba amadzalidwa. Nkhuku amaiona ikuphedwa kuseri kwa nyumba. Koma taganizani nthawi imene amapita kwa agogo. Holide yaikulu imagwa mu Ogasiti, m'minda muli mapesi okhaokha, chimanga chili kale m'nkhokwe kapena m'matumba. Mathero a ntchito amawaona, pakati pake sanapaonepo. Chimene mwana wathu amasowa ndi munthu womuimitsa pa chomera chimodzi n'kumufunsa kuti, "Ukuona chiyani apa? Nanga n'chifukwa chiyani chili chonchi?"

Phunziro limene ndimaliika patsogolo ndi la nthawi. Mwana wa m'tauni amadziwa kuti chakudya chimabwera ndi ndalama: wapatsidwa ndalama, wathamangira kumsika, wabwera ndi masamba. Kudimba akumana ndi zinthu zimene ndalama singazifulumizitse. Thadzi limafungatira mazira masiku 21, bakha wathu wambayu masiku 35. Kalulu amakhala ndi bere mwezi umodzi, mbuzi miyezi isanu. Nyemba imatuluka m'nthaka pakatha pafupifupi sabata, bonongwe mumayamba kuthyola pakatha masabata atatu kapena anayi. Manambala amenewa mukhoza kuwalemba pabolodi, ana n'kuloweza, n'kukhoza mayeso. Koma mwana amene anaona thadzi litakhalira mazira, nalemba tsikulo m'kope mwake, kenako n'kubwerera pakatha masabata atatu n'kupeza anapiye akutsata make, 21 ameneyo wamulowa m'njira ina. N'chifukwa chake ndikuti mupiteko kosachepera katatu: ulendo wodzala, ulendo wokaona, ndi ulendo wokolola. Dimba lili pafupi, simulipira basi. Sukulu zambiri mwayi umenewu zilibe. Muwalimbikitsenso ana afunse chifukwa chake nkhuku yoyera ya mabroyila imagulitsidwa itangokwana masabata 6, pamene yachikuda imatenga miyezi isanu kapena kuposerapo, komanso chifukwa chake yachikudayo ndiyo imadula pamsika.

Mukapita m'mawa dzuwa lisanakwere, yambirani pa maungu. Maluwa a dzungu amatseguka m'mawa, pofika masana afota. Auzeni ana asuzumire kunsi kwa duwa lililonse. Apeza kuti maluwa ena ali ndi kadzungu kakang'ono kunsi kwake, ena ali pa kamtengo kowonda kopanda kanthu. Okhala ndi kadzunguwo ndi aakazi, enawo ndi aamuna, ndipo njuchi ndiyo imanyamula mungu kuchoka ku duwa lalimuna kupita ku lalikazi. Ikapanda kufika, kadzungu kaja kamachita chikasu n'kuthothoka. Amayi a kudimbako zimenezi amazidziwa kale ngakhale sazitchula ndi mawu a m'buku: pothyola chiluwe chothira mu nkhwani amatenga maluwa aamuna, aakazi amawasiya. Mwana akaona zimenezo, funso lakuti "nanga tikapopera mankhwala n'kupha njuchi?" limabwera lokha, simuchita kumuuza.

Chimanga chothirira chili ndi phunziro lofanana. Mungu umachokera ku ngayaye pamwamba, mphepo n'kuugwetsera pa ndevu, ndipo ulusi uliwonse wa ndevu umalumikizana ndi njere imodzi. Pemphani chimanga chimodzi chimene njere zake sizinadzaze, chokhala ndi mipata, muwafunse ana chimene chinachitika. Adzatchula mbewa, mbalame, mwinanso ufiti. Asiyeni atsutsane kaye. Yankho n'lakuti ndevu za pamipatapo sizinalandire mungu, kawirikawiri chifukwa chimangacho chinasowa madzi nthawi yotulutsa ngayaye. Apa mwana wamvetsa chifukwa chake agogo ake amada nkhawa kwambiri mvula ikadula mu Januwale kapena Febuluwale kusiyana ndi nthawi ina iliyonse.

Kenako, mutapempha, zulani chomera chimodzi cha nyemba, soya kapena mtedza, mutsuke mizu yake. Pamizupo pali timibulu tating'ono timene ana ambiri amati ndi matenda. Tswanyani kamodzi ndi chikhadabo. Ngati m'kati muli mofiirira, ndiye kuti mabakiteriya amene amakhalamo akugwira ntchito: akutenga nayitirojeni wa mumpweya n'kumusandutsa chakudya cha mbewu. Ndi nayitirojeni yemweyo amene makolo awo amamugula modula m'thumba la yureya. Mawu a alangizi aja, akuti tizichita kasinthasintha wa mbewu ndi kudzala nandolo m'chimanga, amayamba kumveka mwana akaona timibuluti ndi maso ake.

Mulu wa kompositi ana amayamba aunyansidwa. Musawakakamize. Ingobayani ndodo pakati pa muluwo, muisiye kanthawi, muizule, aliyense aikhudze. Imatuluka yotentha, poti mulu wowola bwino umatha kufika madigiri 60 m'kati mwake popanda moto. Kutenthako kumachokera ku tizilombo tosaoneka ndi maso timene tikudya zinyalalazo. Mumzinda umene zinyalala za pamsika zimaunjikana m'mbali mwa misewu, mwana kudziwa kuti makoko a nthochi, masamba ofota ndi ndowe za mbuzi zimabwerera m'nthaka, pamene majumbo sawola, ndi sayansi imene angaigwiritse ntchito pakhomo pawo madzulo omwewo. Ngati amayiwo amapanga manyowa a Mbeya, aja osakaniza ndowe, madeya, phulusa ndi feteleza pang'ono n'kutsekera m'thumba masiku 21, apempheni afotokoze chifukwa chake anayamba. Yankho likhala mtengo wa feteleza, nkhani imene ana amangoimva pawailesi ndi m'madandaulo a makolo.

Ngati mukufuna kuyesa kophweka koti ana achite okha, pemphani bedi limodzi. Theka aliphimbire ndi udzu wouma, theka alisiye pambalambanda, onse awiri athiridwe madzi ofanana. Pa ulendo wachiwiri aliyense alowetse chala m'dothi mbali zonse ziwiri, awerengenso udzu umene wamera. Palibe chida chofunika kugula.

Musabise zolephera. Ena akamapita ndi ana amapempha eni dimba kuti aonetse mabedi okongola okhaokha, ndipo kumeneko n'kulakwitsa. Bedi limene lagwidwa ndi nsabwe, matimati amene apsa masamba, chimanga chimene chabooledwa ndi ntchemberezandonda, zimenezi ndizo zimadzutsa mafunso. Mbozi ya mtundu watsopano imene imabisala m'kati mwa nsonga ya chimanga inafika m'dziko muno m'nyengo ya ulimi ya 2016/17, ndipo alimi ayesa zambiri: kuthira dothi kapena phulusa m'nsongamo, kutola mbozizo ndi manja, ena mpaka kuthira msuzi wa usipa kuti ukope nyerere zidzadye mbozi. Ana afunse kuti njira imene yagwira ndi iti, imene yakanika ndi iti, ndipo amayiwo anadziwa bwanji. Kusukulu mwana amazolowera kuti funso lililonse lili ndi yankho limodzi limene aphunzitsi akulidziwa kale. Kudimba amva munthu wamkulu akunena poyera kuti chaka chino ayesa izi, zakanika, chaka chamawa ayesa zina. Ndimo mmene sayansi imayendera, ngakhale ku Chitedze kapena ku Bvumbwe kumene kuli akatswiri ofufuza.

Pakati pa zonsezi muike mphindi khumi zachete. Mwana aliyense akhale pansi pafupi ndi chomera chimodzi, achijambule m'kope monga chilili, ndi masamba ake odyedwa omwe, alembe kachilombo kalikonse kamene katerapo. Mphindi ziwiri zoyamba adzati palibe choona. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ziweto ndizo zimakoka ana, ndipo apa ndi pamene ulendo umasanduka chionetsero mukapanda kusamala. Apatseni mafunso oti akafufuze. N'chifukwa chiyani khola la mbuzi amalimanga m'mwamba, pansi pake n'kusiya mipata? Ndowe ndi mikodzo zimagwera pansi, mbuzi zimagona pouma, njoka za m'mimba ndi matenda a ziboda zimachepa, ndipo manyowa amasonkhana malo amodzi. N'chifukwa chiyani mbuzi imatafuna ili chigonere, palibe chimene ikudya? Ikubzikula: udzu umene inameza mothamanga ikuubweza kuti iutafunenso, poti mimba yake ili ndi zigawo zinayi. Kalulu asamunyamule ndi makutu, amayiwo awaonetse kagwiridwe koyenera. Funso lakuti "kaluluyu adzaphedwa?" likabwera, yankho likhale loona: inde, ndi ndiwo, kapena agulitsidwa kuti papezeke fizi. Ana athu zimenezi siziwadzidzimutsa. Chimene ayenera kutengapo n'chakuti chiweto chodzadyedwa chimafunikabe madzi oyera, mthunzi ndi khola louma.

Masamu simuchita kuwafunafuna. Kadzalidwe ka chimanga kamene alimi amakatchula kuti Sasakawa kamati mizere italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi paphando. Apatseni ana chingwe apeze kuti mzere wa mamita 10 utenga mbewu zingati. A Sitandade 7 kapena 8 angapitirize mpaka kupeza kuti hekitala imodzi imatenga mbewu pafupifupi 53,000. Bedi limodzi limamwa makheni angati patsiku, nanga pamwezi? Koma masamu amene amawatsegula maso ndi a ndalama. Mbewu anagula zingati, bedi latulutsa mitolo ingati, opikula amagula pamtengo wanji, ndipo mtolo womwewo pamsika umagulitsidwa zingati. Mwina kwa nthawi yoyamba aona kuti mayi wa kudimba ndi wabizinesi amene amawerengera phindu, amabweza ngongole ya banki mkhonde, ndipo amadziwa mwezi umene matimati amatsika mtengo. Apa pokha pemphani chilolezo pasadakhale, chifukwa si aliyense amafuna kuulula ndalama zake pamaso pa ana a aneba.

Za kadyedwe ndilankhule mosamala, poti anthu amakonda kulonjeza zambiri. Kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana amasonyeza kuti ana amene alimapo masamba amawadziwa mayina ndipo amalolera kuwalawa, koma kuchuluka kwa masamba amene amadya kunyumba sikusintha kwenikweni. N'zomveka: wogula ndiwo ndi wophika si mwana. Choncho musalembe kwa a hedi kuti ulendowu uthetsa kunyentchera. Komabe, m'dziko limene kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira, n'zothandiza mwana kuona magulu asanu ndi limodzi a zakudya ali m'munda, osati pa tchati cha pakhoma chokha. Chimanga ndi mbatata, nyemba ndi mtedza, masamba, papaya kapena nthochi, mazira, mapeyala: afufuze okha gulu lililonse, ndipo anene limene likusowa m'dimbamo.

Pali china chimene chimandipweteka. Ana ambiri a m'tauni amaona bonongwe, chisoso, luni ndi denje ngati ndiwo za osauka, kabichi ndiye ya anthu otsogola. Chonsecho bonongwe amaposa kabichi kutali pa ayironi ndi vitamini A, ndipo safuna mankhwala opopera ngati kabichiyo. Ku Chitedze, kunja kwa Lilongwe, malo otchedwa Never Ending Food akhala zaka zambiri akuonetsa anthu kuchuluka kwa zakudya zathu zimene timazilimira pansi ngati udzu. Ana atole masamba odyedwa omera okha m'mbali mwa mabedi, agogo a kudimbako awatchule mayina. Ngati muli mbatata yofiira m'kati, monga Zondeni kapena Kadyaubwerere, iduleni pamodzi ndi yoyera ana aone kusiyana kwake, muwauze kuti mtundu umenewo ndi chizindikiro cha vitamini A amene amateteza maso.

Tsopano chinthu chimene chimavuta aphunzitsi ambiri: tsikulo mphunzitsi si inu. Mukafika, perekani ana m'manja mwa amayiwo, inu mubwerere kumbuyo. Musawadule mawu kuti mumasulire m'Chingerezi, ndipo musawakonze pamaso pa ana ngakhale atatchula chinthu mosiyana ndi buku. Zimenezo mukakonza m'kalasi. Ana apereke moni monga anaphunzitsidwira kwawo, awatchule amayi kapena agogo, asathyole kanthu asanapemphe. Cholinga n'chakuti mwana aone munthu wovala chitenje, wamatope kumapazi, akuyankha mafunso amene aphunzitsi ake sakanatha kuyankha. Zakuti chuma chili m'nthaka ana azimva mpaka kutopa nazo, ndipo sizinasinthe maganizo a aliyense. Chimene chimasintha mwana ndi kuona mlimi akumvedwa ndi kalasi lonse, aphunzitsi nawonso akulemba m'kope.

Kumbukirani kuti dimbalo lili m'dera lanu lomwelo, ndiye n'kutheka kuti ena mwa amayiwo ndi makolo a ana a m'kalasi mwanu. Fufuzani pasadakhale, mulankhule ndi mwanayo payekha. Akhoza kusekedwa ndi anzake mawa lake, kapena akhoza kubwerako akuyenda monyadira, ndipo zimatengera mmene inu mwawalemekezera mayi ake. Ntchito nazo musagawe mwachizolowezi, atsikana kotunga madzi, anyamata pa khasu ndi tepi. Aliyense ayeze, aliyense athirire.

Ngati dimbalo lili m'mbali mwa mtsinje, monga ambiri a m'tauni, imani nawo ana chapatali ndi gombe aone. Pali pamene alima mpaka m'mphepete penipeni, dothi likugumukira m'madzi, ndipo pali pamene asiya bango, nsenjere kapena vetiva. Ana a ku Mtandire amadziwa zimene Lingadzi amachita akadzaza, ndipo a ku Blantyre sanaiwale namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023. Musawaimbe mlandu amayiwo. Malo m'tauni ndi osowa, ndipo ambiri amalima pamalo amene si awo, osadziwa ngati chaka chamawa sipadzamangidwa nyumba.

Pa zaumoyo musanyengerere. Ndowe za ziweto, ngakhale zooneka zathanzi, zimakhala ndi majeremusi otsegula m'mimba. Mu 2009, pafamu ina yolandira ana ku Surrey, ku England, anthu 93 anadwala ndi majeremusi otchedwa E. coli O157, ambiri mwa iwo ana, ndipo ena anavutika ndi impso. Lamulo lake n'losavuta: sopo ndi madzi oyenda akangochoka kukhola, ndiponso asanadye chilichonse. Ngati kulibe mpopi, kamangeni mpondagiya dzulo lake. Sanitaiza salowa m'malo mwa sopo m'manja muli dothi. Madzi akumwa mutenge kusukulu. Mitsinje ya m'tauni, kaya Lingadzi, Lilongwe, kapena Mudi ku Blantyre, imanyamula zonyansa zambiri, choncho ana asamwe madzi othirira, asasambemo, ndipo masamba osaphika asalawe pomwepo. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700, ndipo inu mukukumbukira kuti mu Januwale 2023 sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo. Asalowe m'madzi oima kuopa likodzo. Zitsime zambiri za m'madimba n'zosatchinga, ndiye munthu wamkulu aime pachitsime nthawi yonse. Funsani tsiku limene anapopera mankhwala komaliza. Bedi lopoperedwa chaposachedwa ana asaliyandikire, ndipo mabotolo a mankhwala atsekeredwe kutali.

Ana nawonso akhoza kubweretsa matenda kudimbako. Chitopa chimayenda ndi nsapato ndi zovala, chigodola cha nkhumba chimodzimodzi. Mwana amene kwawo nkhuku zikufa sabata imeneyo asalowe m'khola. Amayiwo akakana kuti ana alowe, musawaumirize, m'malo mwake afotokozereni ana chifukwa chake. Ngati amapereka katemera wa chitopa wodontheza m'diso uja, yesani kuti ulendo umodzi ugwe patsiku la katemerayo ana aonerere.

Kalasi la ana 80 kapena 100 silingalowe m'dimba laling'ono nthawi imodzi popanda kupondaponda mabedi. Gawani magulu a ana khumi kapena khumi ndi asanu, lililonse ndi wamkulu wake, azisinthana malo. Akuluakulu akachepa, pitani masiku osiyana. Maola awiri akwana. Teremu yachitatu ndiyo yabwino: kukuzizira, madzi akadalipo, ndipo madimba ali pachimake. Nthawi ya dzinja ambiri amadzaza madzi. Ndiponso musapite chimanjamanja. Amayiwo ataya m'mawa wonse wa ntchito chifukwa cha ana anu. Gwirizanani nawo kangachepe, kapena sukulu igule masamba awo, kapena iwagulire mbewu, ndipo zimenezi zikambidwe ulendo usanachitike.

Kwa a hedi lembani tsamba limodzi lokha. Pa zaulimi, kukonza bedi, kufesa, kuwokera ndi kusamalira ziweto. Pa sayansi, mungu, mizu ndi kuwola kwa zinyalala. Pa masamu, kuyeza, kuchulukitsa, phindu ndi kuluza. Pa Chichewa, chimangirizo cha zimene anaona, ndi mawu a ntchito monga kupatulira, kuphimbira ndi kubandira, amene ana ena a m'tauni sanawamvepo. Onjezani mmene mudzadziwire kuti aphunzira: mafunso asanu omwewo asanapite ndiponso atabwerako ulendo wachitatu, pamodzi ndi kope la mwana aliyense lokhala ndi masiku ndi zojambula.

Ukatha ulendo wachitatu ana adzakuumirizani kuti nawonso akhale ndi dimba lawo pasukulu. Musathamangire kulima bwalo lonse. Yambani ndi matumba akale odzaza dothi losakaniza ndi manyowa, oboola m'mbali, gulu lililonse thumba lake. Minda ya pasukulu imafa ndi mbuzi za aneba, holide yopanda wothirira, ndi zokolola zimene zimathera m'makhichini a aphunzitsi. Chomalizachi ndicho choipitsitsa, ndiye gwirizanani ndi ana musanadzale kuti masamba adzadya ndani, kapena akagulitsidwa ndalama idzagula chiyani, ndipo mgwirizanowo ulembedwe pakhoma.

Za wothirira pa holide, njira ilipo. Ku Cape Town, ku South Africa, bungwe la Abalimi Bezekhaya, limene linayamba mu 1982, limathandiza magulu a alimi a ku Khayelitsha ndi ku Nyanga, ndipo minda ina ya maguluwo ili pamalo a sukulu: sukulu yapereka malo otetezeka, alimi akulima chaka chonse. Ngati sukulu yanu ili ndi malo ndi madzi, kambiranani ndi komiti ya sukulu ndi amayiwo za mgwirizano wotere. Zikakanika, dzalani zokhazo zimene zimacha teremu isanathe, monga bonongwe, mpiru ndi chainizi. Matimati ndi anyezi adikire kaye mpaka mutapeza munthu wothirira mu Ogasiti.